Buku Limene Linkabwerera Msanga

Panali mayi wina woyang'anira laibulale m'tauni ina yaing'ono. Dzina lake linali Mayi Chimkono, koma anthu ankangomutcha Mayi a Mabuku. Anagwira ntchitoyi zaka makumi awiri ndi zitatu, m'chipinda chomwechomwecho, pampando womwewomwewo, ndipo anali atatopa. Pakamwa pake pankayankha anthu pokha, mtima uli kwina.

Pafupi ndi khomo panali bolodi lakuda. Mwezi ukayamba, mayiyo ankalifufuta n'kulembapo ndi choko mabuku amene ankalimbikitsa anthu kuwerenga. Pankakhala la sayansi, la bizinesi, la ulimi wa mthirira, la kuphika, lina la mbiri yakale, ndipo pansi penipeni kabuku ka Chichewa kothandiza makolo a mwana woferedwa.

Ali mtsikana ankawerenga buku lililonse asanalilembe pabolodipo. Koma mabuku anayamba kubwera m'makatoni, mazana nthawi imodzi, maso nawo anayamba kuvuta. Ndiye anapeza njira yachidule. Kumapeto kwa buku lililonse kunali kapepala komwe ankadindapo tsiku munthu akalibwereka. Mayiyo ankangotsegula kumapetoko. Buku la zidindo zambiri ndiye linali labwino, ndipo ndi limene linkakwera pabolodi.

Anthu ankabwera ndi zofuna zawo. Bambo wina wogulitsa mazira ankatsamira tebulo n'kunena kuti, "Mayi a Mabuku, ndipatseni loti pofika Khrisimasi ndikhale ndili m'galimoto yangayanga."

"Likanakhalapo limenelo bwenzi mukundipeza pano ndikulimbana ndi chiswe?" ankayankha mayiyo. "Tengani ili. Ambiri amalikonda."

Mphunzitsi wina wopuma pantchito ankafuna la nyenyezi. "Ili ambiri amalikonda." Mtsikana wa kusekondale ankafuna lofotokoza mmene magetsi amayendera. "Ili ambiri amalikonda." Chidindo n'kugunda, munthu n'kumapita.

Pa mabuku onse, kabuku ka ana oferedwa ndi kamene kanali ndi zidindo zochuluka. Kapepala kake kanadzaza, anamatapo kena, nakonso kanali pafupi kudzaza. Motero kanakhala pabolodi zaka zisanu ndi zinayi osachokapo. Mayiyo sanadzifunsepo chifukwa chake buku lobwerekedwa chotero linkapezeka pashelefu nthawi iliyonse akalifuna.

Zenera la laibulale linayang'anizana ndi siteji ya minibasi. Chaka china, mvula ili pafupi kutha, mayiyo anayamba kuona kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi zitatu, kovala yunifomu, katakhala pamwala m'mbali mwa msewu, chikwama chili pamiyendo. Minibasi ikaima, kankadzuka n'kuyang'anitsitsa aliyense wotsika. Ikanyamuka, kankakhalanso pansi. Kankafika nthawi imene anzake ali m'kalasi, n'kuchoka dzuwa litapendeka. Mayiyo anakaona tsiku ndi tsiku, koma ankadziuza kuti za kunja kwa zenera si za laibulale.

Tsiku lina kunalowa bambo wamanja akuda, odzaza ndi timabala ta malata. Anavula chipewa n'kuima kaye pakhomo, ngati munthu amene walowa m'tchalitchi cha eni. Anati dzina lake ndi Mlotha, wokhoma zidebe kuseri kwa msika.

"Ndaona pabolodi panupa," anatero. "Lam'munsilo."

Mayiyo akanatha kungodinda, koma bamboyo anapitiriza kulankhula, maso ali pachipewa. Mkazi wake anamwalira miyezi itatu yapitayo. Ankachita geni ya zitenje, ndipo ankapitapita kutauni yaikulu kukaoda. Atadwala n'kumwalira kuchipatala, achibale anachita monga amachitira kwawo, kumene mwana saonetsedwa maliro. Mwana wawo wamkazi anamutumiza kwa azakhali ake mpaka zonse zitatha, n'kumuuza kuti amayi ake apita kukaoda katundu kutali.

"Tinkati aiwala," anatero bamboyo. "Ana amaiwala. Koma Falesi wanga akumathawa kusukulu n'kumakadikira pasiteji. Kudya sakudya. Ahedi anena kuti akajombanso sabata ino amufufuta m'kaundula."

Mayiyo anayang'ana pazenera. Kamtsikana kaja kanali pamwala pake. Anatenga kabukuko pashelefu n'kudinda.

"Ambiri amalikonda," anatero.

M'mawa mwake, mayiyo akungotsegula, bamboyo anali pakhomo, buku lili m'manja.

"Mwamaliza kale, Bambo Mlotha? Lathandiza?"

"Zikomo, mayi," anayankha, n'kuliika patebulo mwaulemu, n'kutuluka.

Dzuwa litakwera pang'ono, Falesi anafika pamwala paja monga mwa masiku onse.

Mayiyo ananyamula kabukuko kuti akabwezere pashelefu. Ali pafupi kukalowetsa pakati pa anzake, anaona m'mphepete mwake. Masamba oyambirira anali oderako, ofewa chifukwa cha zala za anthu. Otsalawo anali oyera mbee, ngati kabukuko kangochoka kumene m'katoni. Chakumapeto ena anali omatana, sanatsegulidwepo chibwerere.

Anabwerera pampando, anavala magalasi, n'kuyamba kuwerenga buku limene analiyamikira kwa zaka zisanu ndi zinayi.

Masamba anayi oyamba anali osavuta. Ankafotokoza mmene chisoni chimaonekera mwa mwana: kukana chakudya, kupsa mtima popanda chifukwa, kukodza pogona ngakhale anasiya kale. Kholo lililonse likanagwedeza mutu n'kuti, wangayo ndi ameneyu. Tsamba lachisanu ndi limene linali lolimba. Linkati mwana auzidwe zoona. Asauzidwe kuti munthuyo wapita ulendo, kapena wagona. Auzidwe kuti wamwalira, ndipo womuuzayo akhale yemwe watsala naye, ndi pakamwa pake, osati kumupatsa bukulo kuti awerenge yekha.

Zala za anthu zinathera pamenepo.

Mayiyo anatembenuza tsamba. Kuyambira lachisanu ndi chimodzi, bukulo linkamugwira dzanja munthu. Linkanena pokhala pomuuza mwanayo, mawu oyamba nawo, choyankha akafunsa ngati analakwa ndi iye, chochita kholo likayamba kulira mawu asanathe. Thandizo lonse linali m'masamba oyerawo.

Anatsegula kumapeto n'kuyang'ana zidindo zija, zimene kale zinkamusangalatsa. Chidindo chilichonse chinali khomo la munthu. Ena ankawakumbukira: mayi wa kuchigayo, mlonda wa pasukulu, mtsikana wina wolera ang'ono ake. Onsewo anabwera ndi mwana mumtima, iye anawapatsa buku, anakafika pa tsamba lachisanu n'kulitseka, n'kulibweza m'mawa mwake ndi zikomo. Ndipo chifukwa linkabwerera msanga, linkabwerekedwanso msanga, zidindo n'kumachuluka, iye n'kumati ndi labwino koposa.

Msana unkamuwawa ngati masiku onse. Kunja minibasi inaima, kamtsikana kanadzuka, kanayang'ana, kanakhalanso pansi.

Kenako mayiyo anachita chimene anali asanachitepo pa zaka zonse za ntchito yake. Anatseka mazenera dzuwa lisanafike paliwombo, anakhoma chitseko, n'kuika kabukuko m'chikwama. Pakhonde anakumana ndi wamazira uja.

"Lero mabuku ali pa holide, Mayi a Mabuku?"

"Mubwere mawa. Galimoto yanu sithawa."

Mayiyo anakamupeza Bambo Mlotha pansi pa kashedi ka malata, akukhoma chogwirira cha ndowa. Ataona mlendo anasiya nyundo, anapukuta chidebe china ndi chipewa, n'kuchivundikira kuti mayiyo akhalepo.

"Kodi ndalidetsa bukulo?" anafunsa.

"Ayi. Ndikufuna kudziwa pomwe munalekezera."

"Pomwe akuti ndimuuze ndekha. Ine ndinkayesa kuti ndikangomupatsa, awerenga yekha, poti kuwerenga amatha kuposa ine. Pakamwa panga sipangatuluke mawu amenewo, mayi. Komanso azakhali ake akamva, ati ndaphwanya mwambo."

"Azakhali akewo sakhala moyang'anizana ndi mwala uja," anatero mayiyo. "Ine ndimamuona. Mwezi wonsewu ndakhala ndikumuona, ndili chete." Anatulutsa bukulo. "Ndili ndi mlandu kwa inu, Bambo Mlotha. Ndinakupatsani buku limene ineyo ndinali ndisanaliwerengepo. Ndaliwerenga lero. Munalekera pakhomo penipeni. Khalani pansi, ndikuwerengereni kotsalaku."

Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, pakati pa phokoso la msika. Atafika pa masamba omatana aja, bamboyo anadula kachidutswa ka lata, anakasalaza ndi tupa kuti kasang'ambe pepala, n'kumatsegula nako tsamba limodzilimodzi. Pena ankati, "Bwerezani pamenepo," mayiyo n'kubwereza.

Atamaliza, mayiyo anati, "Yesani kunena kwa ine kaye."

Bamboyo anatsegula pakamwa, koma sipanatuluke kanthu. Anayesanso, mawu anathera panjira. Kachitatu anatuluka, otsika, ngati a munthu wina. Anapukuta manja kuthalauza n'kuimirira.

"Mukhala pafupi?"

"Ndikhala pafupi. Koma wonena ndinu."

Atafika pasiteji, minibasi ina inali ikuima. Falesi anadzuka kuti aone otsika, osazindikira kuti bambo ake afika. Bamboyo anamugwira dzanja n'kunjuta kuti maso awo alingane. Mayiyo anaima chapatali pang'ono, buku lili pachifuwa.

"Falesi, mwanangu, khala pansi," anatero bamboyo. "Amayi ako mulibe m'basi imeneyi. Mulibenso m'basi ina iliyonse. Amayi ako anamwalira. Anadwala, adokotala analephera, ndipo tinakawaika kumudzi, pafupi ndi agogo ako. Iwe sunalakwe chilichonse. Ndinakunamiza ine, chifukwa ndinkaopa."

Mwanayo sanalire nthawi yomweyo. Anayang'ana bambo ake, anayang'ana minibasi ikunyamuka. Kenako anatsegula chikwama n'kutulutsa pepala lopindapinda, lothetheka m'makona. Linali lipoti la mayeso a teremu yatha.

"Ndiye ili ndiwaonetsa bwanji?" anafunsa. "Anati ndikakhoza ndiwasungire."

Bamboyo anatambasula dzanja lake lakuda lija.

"Ndionetse ine."

Mwanayo anapereka pepalalo. Bamboyo analifutukula mosamala n'kuyamba kuwerenga mokweza, phunziro limodzilimodzi, movutikira, misozi ikugwera pamalikisi. Asanafike kumapeto, Falesi anaika nkhope yake m'khosi mwa bambo ake, ndipo kulira kwa miyezi itatu kunatuluka. Anakhala choncho nthawi yaitali. Minibasi ziwiri zinaima n'kunyamuka, mwanayo osadzutsa mutu.

M'mawa mwake pamwala paja panalibe munthu.

Mayiyo anafufuta bolodi lonse, ngakhale mwezi unali usanathe, n'kulembapo buku limodzi lokha. Mphunzitsi wopuma uja atabwera anaima n'kuliyang'ana.

"Nanga ena aja apita kuti, mayi? La nyenyezi lija?"

"Sindinaliwerenge, aphunzitsi. Ndikaliwerenga ndililembapo."

Mwezi wotsatira panali mabuku awiri. Maso ankamuvutabe, kutopa sikunathe, ndipo bolodilo silinadzazenso ngati kale. Koma munthu akabwereka kabuku kaja, mayiyo ankagwira kaye chidindo m'mwamba n'kunena kuti, "Pa tsamba lachisanu mudzafuna kulitseka. Mukafika pamenepo mubwere, tidzapitirire limodzi."

Inu amene mukumva izi, ambiri a inu anthu amakufunsani chowerenga, chochita, kolowera. Musamupatse munthu chimene inuyo simunachitsegule, pongoti ambiri amachikonda. Ambiriwo mwina anathera pa tsamba lachinayi. Ndipo ngati pali tsamba limene inu eni munalitseka chifukwa linawawa, bwererani mukalitembenuze, ngakhale mutapempha wina kuti akhale pafupi. Nthawi yonse imene mwalitsekayi, alipo amene akudzukira basi iliyonse.