Gogodera Inabwezedwa Ili ndi Onga M'mimba

Panali munthu wina, mlimi wa m'tsinde mwa phiri, amene anali ndi mfuti ya gogodera. Mfuti imeneyi sidya zipolopolo za m'sitolo ayi. Umathira onga kukamwa kwake, n'kutsendera kansanza, n'kuponyamo kampira ka mtovu, kenako n'kugogoda ndi ndodo yachitsulo mpaka zonse zitakhala pansi. Ukathira kawiri, imakuphulikira m'manja.

Chaka china nguluwe zinavuta m'munda wa chinangwa wa mlamu wake. Mlamuyo anabwera kudzabwereka mfuti ija, ndipo mwini wake sanakanize. Anangoti, "Alamu, mukawomba muitsuke m'kati ndi madzi otentha. Mwaye wa onga umadya chitsulo."

Mlamu uja analawirira kumunda kukali mame. Anathira onga, nagogoda bwinobwino. Nguluwe itatulukira, anakhethemula. Mfuti inangoti thapu, osalira. Onga unali utanyowa. Nguluwe inafukula chinangwa iye akuona, n'kumapita mosathamanga n'komwe.

Tsono munthuyu anali atauza kale mudzi wonse kuti kudyedwa nyama. Akanati chiyani? Anakhala pansi, napukuta mfutiyo kunja kokha mpaka kuwala, onga ndi mtovu zili chikhalire m'kati.

"Mwawomba, alamu?" anafunsa mwini mfuti, mlamuyo atabwera kudzaibweza.

"Ndawomba. Yathawa ndi bala, ikafera kutsogolo."

"Mwatsuka?"

"Simukuona mmene ikuwaliramu?"

Mwini mfuti anali atalemba mzere pa ndodo yake yogogodera. Akaipisa mumfuti, mzere n'kumira, ankadziwa kuti mulibe kanthu. Koma kupima mfuti pamaso pa mchimwene wa mkazi wako n'kumutcha wabodza. Anailandira ndi manja awiri, nathokoza, naipachika kudenga la kukhitchini. Kumeneko utsi unaumitsa onga wonyowa uja, n'kukhala wamoyo ngati watsopano.

Chimanga chitakhwima, anyani anatsika m'phiri. Mwini mfuti uja anaitsitsa mothamanga, nathira onga pamwamba pa onga, mtovu pamwamba pa mtovu. Atakhethemula, chitsulo chinang'ambika. Zala zitatu za dzanja lamanja zinatsala m'chimangamo. Dzanja logwira khasu, la munthu wodyetsa ana asanu ndi awiri.

Ndipo mukudziwa amene anayamba kufika kuchipatala? Mlamu yemweyo, atanyamula phava la nthochi. Anakhala pamphepete pa bedi akupukusa mutu. "Mfuti zakalezi, alamu, n'zosadalirika. Mukanaitaya kalekale."

Zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Mawu anayi okha, "Alamu, muli onga m'menemo," akanasiya munthu ndi zala zake. Mlamu uja anaona kuti kusekedwa tsiku limodzi n'kowawa kuposa kulumala kwa mnzake moyo wonse.

Tsono inu a m'banja muno, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndimakumbukira aliyense amene anabwereka chinthu pakhomo pano ndi mmene anachibwezera. Ena munabweza njinga ili yopukutapukuta, mabuleki mutamanga ndi luzi, osanena kanthu. Ena munatibwezera mwana wathu wamkazi kuchokera kuukwati atavala chitenje chatsopano, za matenda amene munam'patsa muli chete. Chinthu chikakukanikani, nenani pobweza, tikusekeni, kuseka kumatha. Mukachipukuta kunja n'kutseka pakamwa, nthochi zanu musabwere nazo. Mudye nokha.