Malonda a Pansi pa Nsalu

…ndiye musamandiuze kuti madobadoba anayamba ndi mafoni. Anayamba kalekale padoko la Sofala, zombo zikuyendabe ndi matanga. Zinkabwera ndi mphepo ya mpoto zitadzaza nsalu, mikanda ndi mpunga, n'kumadikira mwera kuti uzikankhe kubwerera kwawo.

Khoswe anali pomwepo, njala itamumanga m'chiuno. Padokopo panali lamulo: mtengo sunkatchulidwa pakamwa. Wogula ndi wogulitsa ankalowetsa manja pansi pa nsalu n'kumatsinana zala mpaka agwirizane. Nsalu ikachotsedwa, zatha. Wobweza mawu sankapondanso padoko.

Tsono a Njovu zala azitenga kuti?

Khoswe anaona mpata. Anapita kwa Chona, mphaka amene ankagulira katundu eni chombo, n'kupangana: iye azibweretsa zimphona za kumtunda, phindu azigawana, ndipo mwera ukadzayamba Chona adzamukweza chombo. Anadyera mbale imodzi, nayamba kuitanana achimwene.

A Njovu anafika ndi makasu achitsulo, akufuna nsalu ya akazi awo. Khoswe anawagwadira, nawauza kuti anthu a zombo ndi akathyali, opanda zala amamudyera masuku pamutu.

"Madala, ingoimani apo muzioneka olemera. Zala ndikubwerekani ine."

Kadzanja kanalowa pansi pa nsalu. Tsinu, tsinu. Nsalu itachotsedwa, Chona analengeza kuti agula makasu onse pamodzi ndi nyanga ya kumanzere. A Njovu anati akane, koma doko lonse linawayang'ana. Khoswe analira kuposa mwini nyanga, akuti chala chinaterereka ndi thukuta. Macheka analira. Madala anabwerera kwawo mutu utapendekeka.

A Chipembere anabwera ndi phula. Za a Njovu anali atazimva, ndiye anachenjeza kuti akamva zopusa aponda munthu. Khoswe anati a Njovu anachita kugulitsa okha nyangayo, kunyumba akungoopa akazi awo. A Chipembere anaseka mpaka kukhosomola, n'kumuuza kuti alowetse dzanja. Tsinu, tsinu. Nawonso anapita nyanga itadulidwa, mphuno ili mbee.

Mpunga wa Khoswe, gawo lake la phindu, unkaunjikana m'chombo, Chona akusunga. Iye ankangoyendayenda padoko, mchira wake waubweya uli m'mwamba, kununkhiza mphepo.

Mwera unayamba m'mawa wina, tsiku lomwe kunamveka kuti zimphona ziwiri zija zikubwera, ndipo sizinanyamule malonda. Amalinyero anali kale pa zingwe. Khoswe anathamangira ku chombo. Chombo chikamusiya, china n'chaka chamawa, ndipo iye sakanafika ngakhale madzulo.

Anapeza Chona atakhala pafupi ndi thabwa lokwerera, nsalu atayala pa mulu wa matumba.

"Achimwene, tiyeni, anthu aja ali m'njira."

Chona anayasamula. Anati malo alipo, koma mwambo ndi mwambo, ngakhale pa abale: za ulendo azigwirizana pansi pa nsalu. Khoswe sanaganize kawiri, analowetsa dzanja. Chimene anakhudza chinali chonyowa, chofunda, chopuma. Chinamugwira kuti gwi.

Chitamba.

A Njovu anadzuka kuseri kwa matumba, a Chipembere pambali pawo. Kani Chona anali atawaphunzitsa kuti nsonga ya chitamba imatsina bwinobwino ngati zala, ndipo malonda awo oyamba anali atachita kale dzulo lake.

"Mwandigulitsa, achimwene?"

"Katundu ndi katundu, aise."

"Zingati?"

"Dengu la nsomba zouma."

Apa m'pamene Khoswe anapsa mtima zenizeni. Dengu limodzi! Iye amene anadyetsa chombo chonse minyanga! Anatukwana Chona ndi mtundu wake wonse ali lendelende m'mwamba, a Njovu akufunsa a Chipembere ngati amuponde kapena amuponye m'nyanja.

Poti mkamwa munali motsegula kale, analuma chitamba m'kati mofewa muja. A Njovu anayetsemula, Khoswe n'kugwera uko. A Chipembere anaponda mchira, iye anakoka ndi mphamvu zonse, ubweya wonse n'kutsala pansi pa phazi. Analowa mu mng'alu wa khoma la doko, mchira uli psuu ngati nyongolotsi.

Ali m'menemo anaona matanga akufufuma. Chona anali kumbuyo kwa chombo, atakhala pa thumba la mpunga wa Khoswe, akutafuna mutu wa nsomba. Sanabayibitse n'komwe.

Khoswe anabera anthu, inde, sindikumuikira kumbuyo. Koma a Njovu anali alendo kwa iye. Chona anagulitsa munthu amene ankamutcha m'bale, n'kupita ndi phindu lonse, dzina lake lili loyera mpaka lero, tikumamupatsa mkaka m'nyumba zathu. Ukamaba ndi mnzako, dziwa kuti iye anakuyeza kale mtengo wako. Alipo angatsutse?