Kabatani Kamene a Mbewe Ankabisa

Kwa Kaomba fodya akangotha kupita ku msika, zigafa zimatsala kukamwa yasa, mongogona nkhuku ndi mbuzi. Koma chigafa cha a Aloysius Mbewe chinkapeza ntchito ina. Ankasesamo zinyenyeswa za fodya, n'kuyalamo chiguduli, n'kuimikamo masipika awiri, basi bandi yayamba kukonzekera maukwati a m'chilimwe. M'bandimo mudali anthu anayi: a Mbewe pa kiyibodi, akazi awo a Faustina pa maiki, a Lameki pa ng'oma, ndi Fainala, mphunzitsi wa pa sukulu yapafupi, yemwe ankaimba gitala ya besi.

Kiyibodi yawo idali nkhalamba yeniyeni. Kiyi imodzi idaguluka ngati dzino, ndipo ngodya ina adachita kuimanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Komabe ikalira, ngakhale apongozi amanyazi ankavina n'kuiwala kuti akuonedwa.

Tsono a Mbewe adali ndi kachinsinsi kawo. Zala zawo zinkadziwa njira imodzi yokha, ya makiyi akuda, yomwe adaiphunzira ali mnyamata kutchalitchi. Nyimbo iliyonse, kaya ya Chichewa kaya ya Chitumbuka, ankaiyendetsa m'njira yomweyo. Woimba akafuna mawu otsika kapena okwera, iwo ankangosuntha kachala n'kudina kabatani kena kamene oimba amati transipozi, kiyibodi n'kutsika yokha zala zili pomwepo. Mawu a a Faustina adali atatsika ndi zaka, choncho nyimbo zawo zinkafuna kudina katatu. A Mbewe ankaona ngati zimenezi n'zochititsa manyazi kwa munthu wotchuka ngati iwo, ndiye ankayala kampango pamwamba pa kabataniko, ati kopukutira thukuta. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti palibe akudziwa.

Chaka chimenecho mwana wawo mmodzi yekhayo, Enelesi, adapeza banja kwa mnyamata wa ku Lilongwe. Tsiku lina adawapeza makolo ake m'chigafamo n'kukhala pa chiguduli.

"Ine polowa pa madyerero sindikufuna nyimbo za m'makina," adatero. "Amayi, mundiimbire ija ya mbande. Mwaimbira ana a eni ake zaka zonsezi. Ulendo uno ndi wanga."

Nyimbo ya mbande adaipeka okha a Faustina. Imanena za mayi amene walera mbande pa nazale, ndipo tsopano akuiwokera m'munda wa eni. Ili ndi malo amodzi okwera kwambiri, pamene mayiyo amachonderera kuti mukaithirire.

A Faustina adapukusa mutu. "Mwanawe, mawu anga adakalamba. Pamaso pa akuchimuna ochokera m'tauni, ndikangothyoka pokwera paja, ndidzayang'ana kuti?"

"Mayi a Enelesi, musade nkhawa," adayankha a Mbewe akudziguguda pachifuwa. "Kulikonse kumene mawu anu adzapite, ine ndili pambuyo panu. Simudzagwa."

A Faustina adavomera chifukwa cha lonjezo limenelo basi.

Fodya wa chaka chimenecho adayenda bwino, ndipo mtima wa a Mbewe udayamba kunyansidwa ndi kiyibodi yawo yokalamba ija. Alendo a ku Lilongwe adzaone kiyibodi yomanga ndi mphira pa ukwati wa mwana wawo? Ayi ndithu! Adalengeza kuti akupita kukagula yatsopano.

"Bambo, ndikuperekezeni," adatero Fainala. "Kiyibodi yoimbira pagulu sasankha ndi maso. Yofunika ndi yoti zomwe mumagwiritsa ntchito zili pamtunda, pamene chala chingafike nyimbo ili pakati. Komanso ife timaimbira panja. Muyenera kufunsa ngati imaoneka bwino padzuwa."

"Iwe Fainala," adaseka a Mbewe, "ine ndidayamba kiyibodi iwe usanamere mano. Kaphunzitse ana a e i o u, izi undisiyire."

Kunena zoona sikudali kunyoza. Ankaopa kuti akapita ndi Fainala, adzaona chimene maso awo akufunafuna.

M'sitolo ya zoimbira ku Lilongwe adapeza chimene sadachionepo. Chikiyibodi chachitali, chakuda bii, chopanda mabatani ambiri, pakati pake pali kagalasi kowala ngati ka foni. Wogulitsa adawalumikizira, iwo n'kuyala zala pa makiyi awo akuda aja. Mayo ine, kukoma kwake! Anthu odutsa mumsewu adayamba kuima pakhomo.

"Bwana, inu ndinu katswiri," adatero wogulitsa uja. "Iyi ndi ya akatswiri okhaokha. Enawa timawapatsa tating'ono ta ana."

A Mbewe adamwetulira, koma diso lawo linkayenda uku ndi uku kusaka kabatani kaja. Kumanzere kulibe. Kumanja kulibe. Funso lidakwera mpaka pakhosi. Koma munthu amene wangotchedwa katswiri anthu akumva, afunse bwanji za kabatani ka ophunzira?

"Pali chomwe mukufuna kudziwa, bwana?"

"Ayi," adatero a Mbewe. "Ikulungeni."

Atafika nayo kunyumba adadzitsekera kuchipinda masiku awiri, kudina apa, kupotokola apo. Tsiku lachiwiri adakapezadi kotsitsira kaja, koma kadabisala m'kati mwa kagalasi: udine apa, utsike mizere inayi, ulowe, upotokole, utuluke. M'chipinda mwa mthunzi zonse zinkaoneka bwinobwino, ndipo adati basi, nkhani yatha. Adaikulunga n'kuilowetsa kunsi kwa bedi kuti idzadabwitse anthu pa tsikulo. Pokonzekera m'chigafa ankagwiritsabe ntchito yakale ija. Fainala adapempha kawiri konse kuti aione yatsopanoyo, iwo n'kumuuza kuti mkwatibwi samuonetsa tsiku lisanafike.

Tsiku lidafika, Loweruka la mu Seputembala, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Atachoka kutchalitchi, anthu adadzaza pabwalo la kwa a Mbewe. Akuchimuna adakhala mu tenti, masuti ali ndee. Bandi adaiika pambali pansi pa kamsasa ka udzu, koma pofika masana mthunzi udali utathawa, dzuwa lili nganganga pa zoimbira. A Mbewe atavundukula kiyibodi yatsopano, ntchembere zidaimba nthungululu, iwo n'kuwerama ngati ndiwo akukwatira.

Woyendetsa mwambo adalengeza kuti akwati afika pachipata, ndipo mayi a mkwatibwi awalandira ndi nyimbo. A Faustina adaimirira, atavala chitenje chaukwati, n'kugwira maiki ndi manja awiri. Adacheukira amuna awo n'kugwedeza mutu.

A Mbewe adaweramira pa kagalasi kaja kuti atsitse katatu. Kalanga! Dzuwa lidakasandutsa kalilole. Chomwe adaonamo ndi nkhope yawo yokha, thukuta lili kamukamu. Adatchinga ndi dzanja, osaona kanthu. Adadina mongoganizira, m'masipika n'kutuluka phokoso la ndege. Adadinanso, n'kumveka kulira kwa agalu. Ana adagwa nako kuseka. Mwamantha adaizimitsa n'kuiyatsanso, ndipo idabwerera pamene idachokera kusitolo, pamwamba penipeni.

Fainala adali pomwepo, kutalika kwa mkono umodzi, akuwayang'ana. Kungotembenuka n'kufunsa, zikadatha. Koma akwati adali atayamba kale kuyenda, maso onse ali pa katswiri. A Mbewe adaluma mano n'kuyamba nyimbo pamwamba pomwepo.

A Faustina adamva nthawi yomweyo kuti apa si pawo. Adawayang'ana amuna awo kamodzi. Akadatha kuleka, koma sadafune kuwayalutsa pagulu, choncho adakoka mpweya n'kuyamba kukwera.

"Mbande yanga ya pa nazale, lero ndakuwokera kwa eni..."

Mzere woyamba udadutsa movutikira. Wachiwiri mitsempha ya m'khosi idachita kuonekera. Atafika pa "mukaithirire," mawu adathyoka ngati phesi louma, m'masipika n'kumveka kamawu kosasa. Wina mu tenti adatsokomola pobisa kuseka. A Faustina adatsitsa maiki pang'onopang'ono n'kuzyolika, ndipo Enelesi adaima pakati pa bwalo, maluwa ali m'manja.

A Mbewe adamva chisoni chimene sadachimvepo chibadwire. Sichidali chisoni cha dzina lawo ayi. Mkazi uyu adawadalira, adakwera phiri losakhala lake pofuna kuwateteza, ndipo iwo ndiwo adamugwetsa pa tsiku la mwana wake. Adachotsa manja pa makiyi n'kutembenuka.

"Fainala, mwana wanga, ndithandize," adatero, osasamala kuti maiki ili pafupi ndipo bwalo lonse likumva. "Ine ndimadziwa njira imodzi yokha. Kotsitsira mawu kali pati?"

Fainala adatsamiritsa gitala yake n'kusendera. Sadayang'ane n'komwe pa kagalasi. Adayendetsa chala pa timalemba tating'ono tomwe tidali pamwamba pa makiyi akumanzere.

"Si apa adalemba, bambo? Mugwire batani ili, osalisiya, kenako mudine kiyi iyi." Adawagwira chala n'kuwaonetsa. "Katatu, eti? Monga mwa masiku onse."

A Mbewe adatong'ola maso. "Iwe umadziwa?"

"Bambo, ine ndimaimba besi. Inu mukatsika katatu, ine ndikapanda kutsika nanu, nyimbo ingamveke?"

"Tonse timadziwa, achimwene," adatero a Lameki ali kuseri kwa ng'oma. "Kampango kaja timangokapatsa ulemu."

A Faustina adapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, kuseka ndi kulira zitasakanikirana. "Bambo a Enelesi, inu ndinu munthu wovuta. Zaka zonsezi mawu anga akutsika, inu n'kumanditsata osandiuza kuti ndakalamba. Mumayesa sindinkaona kachala kaja kakukwawira pansi pa kampango? Ine kabatani kameneko ndi kamene ndimakukonderani."

Apo bwalo lidaphulika ndi kuseka, koma kudali kuseka kwina, kwa anthu amene mtima wawatsika. Ndiye Enelesi adakweza diresi lake pang'ono kuti lisakwekwerezeke m'fumbi, n'kukoka mwamuna wake pamkono.

"Tiyeni tibwerere kuchipata," adatero mokweza. "Ine sindinalowe. Kuja kudali kuyeserera."

Adabwereradi, operekeza onse pambuyo, ankhoswe akuwakonzera mzere. A Mbewe adadina katatu anthu onse akuona, opanda kampango, n'kuyala zala pa makiyi awo akuda. A Faustina adayamba pamalo pawo, mawu okhuthala, odekha, a mayi amene waleradi mwana. Atafika pa "mukaithirire" adadutsa bwinobwino, ndipo mayi a mkwati adadzuka mu tenti muja, misozi ili mbwembwembwe, n'kubwera kudzawakumbatira nyimbo isanathe.

Komabe chomwe chachitika sichifufutika. Achinyamata adali atajambula zonse pa mafoni, ndipo mpaka lero kwa Kaomba mwana akafuna kuseketsa anzake amayamba ndi kulira kwa agalu kenako n'kuthyola mawu. A Faustina amaseka nawo, koma a Mbewe akamva amangoyang'ana pansi, chifukwa amadziwa kuti manyazi amenewo adawagula okha n'kuwasenzetsa mkazi wosalakwa.

Lolemba lake adatulutsa kiyibodi yatsopano ija n'kuiika m'chigafa, nadikira Fainala kuti aweruke kusukulu. Adakhala pa benchi ndi kope ndi pensulo ngati mwana wa Sitandade 1, n'kumafunsa batani lililonse ntchito yake. A Faustina adadutsa ndi dengu la mphale pamutu, adaima, n'kuwayang'ana kwa kanthawi.

"Funsani ndithu, katswiri wanga," adatero. "Kufunsa sikuthothola tsitsi."

Kiyibodi ija idalibe mlandu. Zokoma zonse zidalimo kuyambira tsiku lija m'sitolo, pansi pa chala chawo chenicheni, zikungodikira funso limodzi. Uchi udali m'chisa momwemo, koma a Mbewe adatafuna kolakwika anthu akuona. Paja akuluakulu adanena: safunsa adadya phula.