Mimba ya Kamasiye

Kalekale, pamwamba pa phiri lina la nkhungu, panali esiteti imene eni ake anaitaya mtima. Antchito anatsika mmodzimmodzi, mpaka kunatsala Lufeyo yekha, wosamalira akavalo. Mkazi wake anamwalira, ndipo ana analibe. Sabata inkatha osamva liwu la munthu, moti nthawi zina ankatsokomola dala kuti aone ngati mawu akadali nawo.

M'khola munatsala kavalo mmodzi wamkazi. Anabereka m'nyengo yozizira, ndipo patatha masiku awiri anafa. Lufeyo anakatcha kamwanako Kamasiye. Mwini esiteti, Mayi Nachisale, amene ankangobwera mwa apo ndi apo kudzamanga katundu kuti akakhale kwa ana awo kutauni, anangoti, "Amene akapulumutse, nkake."

Lufeyo anali asanalerepo kavalo wamasiye, koma anakulira pa ng'ombe. Tsono anachita monga amachitira ndi thole: ndowa ya mkaka wa ng'ombe m'mawa, ina madzulo. Safunsa anadya phula! Tsiku lachitatu mimba ya Kamasiye inatupa ngati ng'oma. Pajatu kavalo sasanza. Zimene zalowa m'mimba mwake zikakana kupitirira, mimbayo imang'ambika. Lufeyo anatsika phiri akuthamanga kukafuna thandizo, misozi ili chuchuchu.

Woyamba kubwera anali Yotamu, amene anagwirapo ntchito kudipi ya ng'ombe. Anagogoda mimbayo n'kupukusa mutu. "Achimwene, mwakayesa thole kodi?" Analowetsa kapaipi m'mphuno mpaka m'mimba, n'kuyamwa ndi pakamwa pake. Mkaka wowola unatuluka theka la ndowa, ndipo bamboyo analavula malovu tsiku lonse. Anamangirira kapaipiko kuti kakhale momwemo. Atafunsidwa muyeso wa mkaka anati, "Kumeneko musandifunse. Ine ndimadziwa ng'ombe."

Wachiwiri anali Edinesi, mng'ono wa malemu mkazi wa Lufeyo, wa kutsidya kwa mtsinje. Anakwera phiri akukoka mbuzi yake imodzi yokha yoyamwitsa. "Alamu, mkaka wa ng'ombe ngolemera. Yesani uwu." Anaisiya komweko. Kumudzi tiana tiwiri ta mbuziyo tinalira amayi awo, ndipo kena kanafa.

Onse atapita, Lufeyo anatsala ndi mkaka wabwino, kapaipi, ndi mantha. Akapereka wochepa, Kamasiye afa ndi njala. Akachulutsa, mimba iphulika. Wotchi analibe. Choncho anandanda miyala pansi, m'njira imene mthunzi wa nsanamira ya khola unkadutsa. Anathira kapu imodzi m'kapaipi. Mthunzi utafika pa mwala woyamba, anakoka ndi jekeseni yopanda singano: mkaka unabwerera pafupifupi wonse, ndipo anaubwezeramo. Pa mwala wachiwiri unabwera theka. Pa wachitatu jekeseni inakoka mpweya wokha. Apo anadziwa kuti mimbayo imatenga miyala itatu kuti imalize kapu imodzi.

Koma paphiripo nkhungu ikagwa, mthunzi kulibe. Tsono tsiku lina ladzuwa anayesa miyalayo ndi nyimbo ya kutchalitchi imene mkazi wake ankakonda, n'kupeza kuti kuiimba kasanu ndi kamodzi ndiye mwala umodzi. Kuyambira pamenepo, kunja kukada ankaimba. Mawu ake anali oipa, ndipo owamvera anali kavalo ndi mbuzi basi. Ankakauza Kamasiye za maliro a mkazi wake amene anthu ochepa anabwerako, za mpando wa malemuyo umene sanauchotse pakhonde. Kamwanako kakamakula, mimba inkafulumira, iye ankasuntha miyala n'kuwonjezera mkaka. Patatha milungu itatu anachotsa kapaipi, ndipo Kamasiye anathamanga kuzungulira khola.

Tsiku lonyamuka Mayi Nachisale, lole ikulira pabwalo, onse atatu anafika, aliyense akufuna Kamasiye.

Yotamu anati, "Mayi, pakanapanda pakamwa pangapa, tikanakwirira tsiku lomwe lija. Komanso kwathu kuli abulu. Kavalo sakhala yekha, amafota. Kuno akhala ndi ndani?"

Edinesi anati, "Mafupa akewo amangidwa ndi mkaka wa mbuzi yanga, ndipo ine ndinataya kambuzi. Taonani, kakutsata ndani?" Ndipotu Kamasiye anali ataima pambali pa mbuzi ija, imene Edinesi anali ataimanga kale chingwe kuti abwerere nayo.

 Lufeyo ankadziwa kuti amene anatsala pang'ono kukapha kamwanako ndi iye yemwe, ndi ndowa yake. Ankadziwanso kuti za abuluzo Yotamu sananame. Pomaliza anati, "Ine ndinangowerenga miyala, mayi. Koma mukakachotsa, paphiri pano ndizilankhula ndi ndani?"

Dalaivala anaimba hutala. Mayi Nachisale anagwira chingwe cha Kamasiye m'manja, n'kuyang'ana Yotamu, kuyang'ana Edinesi, kuyang'ana Lufeyo.

Nanga inu amene mwamva nkhaniyi, chingwecho mukanachipereka kwa yani: amene anatulutsa imfa m'mimba, amene anaikamo moyo, kapena amene anakhala pakhola yekhayekha kufikira atadziwa muyeso wake?