Mbale Imene Inaleka Kufika

Panali mayi wina wachichepere amene ankakhala kumapeto kwa mudzi ndi mwana wake wa zaka ziwiri, dzina lake Ganizani. Mwamuna wake anali kuesiteti ya fodya. Pamudzipo panali chidyerano. Masana aliwonse nyumba zisanu zinkabweretsa mbale pansi pa mtengo wa mango, uyu maungu, uyu nkhwani, onse n'kudyera pamodzi. Mbale ya wina ikapanda kufika, ankapita kukagogoda.

Chaka china mvula inadula msanga, chimanga n'kuchepa. Mayiyu ankasuzumira m'nkhokwe, kenako n'kuyang'ana timikono ta mwana wake. Tsiku lina anaphika, n'kudyera m'nyumba chitseko chili chotseka.

Mnzake woyandikana naye anabwera.

"Amake Ganizani, mbale ili kuti? Kapena lero mwaphika miyala?"

"Mwana ndili naye mmodzi yekhayu. Sindingadyetse mudzi wonse."

"Ifenso tinabereka, amwali."

Anagogoda masiku atatu. Kenako analeka, ndipo anthu anazolowera kudya mbale zinayi.

Mu Febuluwale malungo anagwira mayi ndi mwana yemwe. Mayi anagwa pamkeka, kudzuka osatheka. Masana ankamva mbale zikugundana pansi pa mango. Anayesa kuitana, mawu osatuluka. Mbale yake sinafike, koma inali itatha miyezi isakufika; ndani akanadabwa?

Tsiku lachinayi mnzake uja anazindikira kuti mwana sakulira. Anathyola chitseko. Mayi anachira. Ganizani anamwalirira panjira ya kuchipatala.

Pamaliro anthu anatsegula nkhokwe ija. Chimanga chinali chambiri ndithu, chinakwanira mudzi wonse. Mayi ankangoyang'ana mbale zikuzungulira.

Makolo anzanga, mantha a mayiyu ndimawadziwa. Nanenso ndili ndi kamwana, ndipo ufa ukamatsika m'thumba ndimafuna kutseka chitseko. Sindikunena kuti mugawe zonse, ayi. Koma mbale imene mumatumiza kwa mnzanu siinyamula chakudya chokha. Imakanena kuti kwathu tadzuka. Pitirizani kuitumiza, ngakhale muli maungu awiri okha, kuti tsiku limene idzalephere kufika padzapezeke wobwera kudzagogoda.