Makiyi a Nyumba ya a Tcheyamani

A Tcheyamani anapuma pa ntchito ya uphunzitsi kalekale, koma pa utcheyamani sanapumepo. Anali wapampando wa komiti ya makolo kusukulu, wa kwaya, ngakhalenso wa kagulu koyang'anira ngalande za mumsewu wawo. Popempha mchere patebulo ankayamba akhosomola kaye ngati akutsegulira msonkhano. Mayi a kunyumba atamwalira, anatsala okha m'nyumba yaikulu ya khonde lalitali, ndi mpando wandalema umene munthu wina aliyense sankayerekeza kukhalapo.

Ana anali awiri: wamkulu wamwamuna, wowotcherera zitsulo, ndi wamkazi, namwino. Imfa a Tcheyamani sankaiopa, ankaiona ngati nkhani imene ikadali kumapeto kwenikweni kwa ajenda. Chimene chinkawadya mumtima ndi kukalamba popanda wogogoda pakhomo.

Mlamu wawo, mlongo wake wa malemu mayi aja, anali loya, ndipo nkhani yake inali imodzimodzi nthawi zonse akabwera kudzamwa tiyi.

"Alamu, lembani wilo. Kapena nyumbayi tiiike m'manja mwa anthu okhulupirika, aziisungira ana onse awiri, inu muzikhalamo mpaka tsiku lanu. Si ntchito yotulutsa thukuta ayi."

"Mwandimva ndikununkha kale, alamu?"

"Kununkha ayi. Koma posachedwapa munafunafuna magalasi ali pamphuno."

"Inu maloya mumadziwa mapepala, anthu simuwadziwa," anatero a Tcheyamani akuwongola kolala. "Mwana akadziwa gawo lake, mapazi amalemera. Ine ndili ndi njira yanga."

Njira yawoyo inali yotere. Anapita kwa wosula makiyi, nasulitsa makiyi awiri a chitseko chakumaso. Kenako anaitana mwana wamwamuna uja, natseka makatani, nakhosomola.

"Mwana wanga, nyumba ino ndi yako. Tenga kiyiyu. Koma mlongo wako asamve, ali ndi mtima wanthete."

Patapita masiku anaitana namwino uja, natsekanso makatani omwewo.

"Mwana wanga, nyumba ino ndi yako. Tenga kiyiyu. Koma achimwene ako asamve, ali ndi mtima wapachala."

Kunena zoona, njirayo inayenda ngati njinga yotsetsereka. Mnyamata anabwera ndi makina ake, nawotcherera chipata chatsopano ndi zitsulo za m'mawindo. Mtsikana ankadzera pakhomopo akaweruka kuntchito, kuwayeza kuthamanga kwa magazi, kuwaphikira, kuwaletsa mchere. Ana awiriwo anayambanso kukomerana mtima modabwitsa. Aliyense ankamumvera mnzake chisoni, chisoni chija chimene wopambana amamvera woluza amene sanadziwebe. A Tcheyamani ananenepa. Kukwaya anayamba kulangiza azibambo anzawo za kaleredwe ka ana, osafunsidwa.

Tsono diso lawo lakumanzere linachita ng'ala, ndipo anawagoneka m'chipatala kuti alichite opaleshoni. Mwana wawo namwino uja anaganiza zokakonza m'nyumba bambo ake asanatuluke. Atafika ndi zofunda zochapa, kiyi ali m'manja, anapeza chitseko chili pululu, mchimwene wake ali chogwada pakhonde ndi tepi yoyezera.

"Mwalowa bwanji, achimwene?"

"Ndi kiyi, nanga ndine mfiti?"

"Kiyi wa ndani?"

Wowotcherera uja anayang'ana dzanja la mlongo wake, kenako thumba la ovololo yake mmene munali kiyi wofanana ndi uja, naulula pang'onopang'ono kuti pakhondepo ankayezapo malo a shopu yake yam'tsogolo.

Sanakangane. Anakhala pansi pamasitepe, nayamba kulinganiza mawu a bambo awo. Makatani anali omwewo, kukhosomola komweko, ngakhale kuusa moyo kwakumapeto kunali kofanana. Anaseka mpaka misozi. Koma kuseka kunaduka pamene mtsikana ananena kuti anakana kukwezedwa pa ntchito chifukwa kunkafunika kusamukira kutali, ndipo mnyamata anati iyenso analeka poloti yabwino imene mnzake ankamugulitsa, poti nyumba anali nayo kale.

A Tcheyamani atabwerako, bandeji ili padiso, anapeza m'nyumba mosesa, chakudya chovundikira, ana ali chilili, makiyi awiri ali patebulo. Diso limodzi linakwanira kuona zonse. Anakhala pampando wandalema, nakhosomola.

"Nkhaniyi tiikambirane mwadongosolo. Choyamba..."

"Bambo," anatero mtsikana mosakweza mawu, "mukanangonena kuti mumasungulumwa, tikanabwera. Ife ndife ana anu."

"Chipata chija," anatero mnyamata, "ndinawotcherera bambo anga kapena nyumba yanga? Ine ndemwe sindikudziwanso. Zimenezo ndiye mwandichita."

Mtsikana anawafotokozera kathiridwe ka mankhwala a m'diso, nawatsanzika mwaulemu wonse, ulemu umene munthu amapereka kwa bwana wa kuntchito. Onse awiri anatuluka, natseka bwinobwino chipata chatsopano chija.

Mwayi wokwezedwa utabweranso, namwino sanaukane, anasamuka. Wowotcherera ankaimba foni mwa apo ndi apo, kufunsa za diso, osati za mwini diso. Sanawataye bambo awo ayi. Mankhwala ankafika, zowonongeka zinkakonzedwa. Kungoti panalibenso wokhala pansi n'kumwa nawo tiyi.

Mapeto ake, a Tcheyamani anavala jekete, napita okha ku ofesi ya mlamu wawo. Wilo inalembedwa, nyumba ya onse awiri mofanana, mboni zinasaina, ndipo zonse zinatha tiyi asanazizire. Ana atauzidwa, aliyense anayankha kuti, "Zikomo, bambo."

"Basi? Zikomo yekha?" anadandaula a Tcheyamani. "Nanga si ndakonza?"

"Nyumba mwakonza, alamu," anatero loya akutseka cholembera. "Pepala limagawa njerwa. Kuitana munthu pakhomo silidziwa."

A Tcheyamani anatsanzika. Anabwerera kunyumba wapansi, nakhala pakhonde lalitali lija, kumvetsera mapazi a anthu odutsa mumsewu. Anafuna pobisala pawiri kuti ukalamba usawanyowetse, ndipo unawapeza ali pamtetete. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.