Dorika Nachisale ndi Maso Osatsinzina

"Tsinzinani, azimayi. Pano si pamsika poti muzimwazamwaza maso." Mawu ngati bingu, ndipo kayendedwe kake ndi aka, taonani: phazi di, phazi di, chifuwa patsogolo, dzanja m'chiuno, nkhuku balala. Ameneyo ndiye Dorika Nachisale, amene anabala agogo a agogo anu, kalekale m'mudzi mwathu muno, tchalitchi chikadali chofolera ndi udzu.

Mayi ameneyu akamapemphera, mbuzi za kutsidya zinkasiya kudya. Akati "Amen", udzu wa padenga unkayoyoka. Ndikunama ine? Ndiye ankatsogolera mapemphero a azimayi Lachinayi, ndipo anthu ankati saopa kanthu, poti ali mtsikana anagwidwa ndi achifwamba ogulitsa anthu, nabwerako yekha wapansi. Za kumeneko sankanena. Ukamufunsa ankangoti, "Zakale n'zakale, Yesu anafufuta."

Tsono kunabwera mtsikana wina, Elube, amene mwana wake anakokoledwa kumsana powoloka mtsinje wosefukira. Anatsala ndi mbereko yokha. Tulo osagona, chakudya osadya, kulankhula ayi. Kumene ankapezako mpweya ndi ku mapemphero kuja basi, atakhala kumbuyo kwa anzake. Koma maso? Tong'oo.

"Mwana iwe, uzitsinzina," anatero Dorika.

"Ndamva, mayi."

Lachinayi lina, maso tong'oo. Linanso, tong'oo. Dorika kupsa mtima, mpango unachita kupendekeka. Di, di, di, mpaka kwa mkulu wa mpingo, bambo Yesaya Gwaza, kamunthu kochepa koyamba ndi kukhosomola kasanalankhule.

"Achoke m'mapemphero mpaka aphunzire ulemu. Mulungu samuyang'ana ngati akukugawira nyama."

Anasonkhana azimayi onse pakhonde la tchalitchi.

"Khe, khe. Elube mwana wanga, n'chifukwa chiyani sutsinzina?"

Elube anayang'ana pansi. "Ndikatsinzina ndimaona madzi, bambo. Ndimaona kadzanja. Ndikapenya ndimaona misana ya amayi angawa, ndiye ndimatha kupemphera. Mukandichotsa pano ndilowera kuti?"

Dorika anamva mawuwo akumulasa penapake, koma munthu wamakani, mukumudziwa. Anangokweza chibwano. "Lamulo ndi lamulo."

"Khe, khe. Mayi Nachisale, anakuuzani ndani kuti mwanayu satsinzina?"

"Kundiuza? Ine wakhungu? Ndinamuona ndekha ndi maso angawa."

"Nthawi yanji?"

"Ya pemphero."

"Amapemphera ndani?"

"Ine, nanga ndani?"

Zii. Ngakhale ntchentche inaima m'malere kuti imve bwino.

"Kachitsotso kanandigwa m'diso," anatero Dorika.

"Lachinayi lililonse, mayi?" anafunsa mayi wina kumbuyo. "Kachitsotso kameneko ndi kachikhristu, sikajomba."

Azimayi anabisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka. Dorika anafunafuna bingu lake lija pakhosi, osalipeza. Anayang'ana amene amasekawo, anayang'ana bambo Gwaza, kenako anayang'ana Elube. Elube yekha sankaseka. Ankamuyang'ana monga munthu amayang'anira mnzake amene akumana naye pachipatala, matenda ali amodzi.

Kodi Dorika akanatani? Akanatha kunama kachiwiri, mtsikanayo n'kupirikitsidwa, n'kukafera m'nyumba yekhayekha. Akanatha ndithu, pakamwa anali napo. Koma mkono uja unachoka m'chiuno, chifuwa chija chinabwerera m'malo mwake, ndipo chimayi chonse chija chinakhala pansi, pafumbi, miyendo tambalale.

N'chifukwa chake mpaka lero m'banja mwathu muno munthu wosweka mtima sitimukakamiza kutsinzina, sitimufunsanso kuti misozi itha liti. Timangomusendezera mkeka. Mulungu sawerenga zikope. Tinaphunzira pa mawu amene Dorika ananena tsiku limenelo, motsitsa, mbuzi za kutsidya osamva n'komwe:

"Ine sindinatsinzinepo m'pemphero chibwerere kuthengo kuja. Ndikatseka maso ndimaona goli, ndimaona mng'ono wanga amene anatsala panjira. Kukuwa konse kuja, ndimakuwa kuti ndisamve kulira kwake. Sendera kuno, Elube. Tizipemphera tikuyang'anana."